Kutera pa msewu wopapatiza: zomwe wophunzira ndege yaing'ono amaphunzitsidwa

Mavidiyo a ndege zing'onozing'ono zikutera pa mabwalo oopsa sakutha pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ina ikutsika pakati pa mapiri ku Lukla m'dziko la Nepal, kutsogolo kwake kuli khoma la phiri. Ina ikutera pa chilumba cha Saba ku Caribbean, pomwe msewu wa ndege ndi wotalika mamita 400 okha ndipo uku ndi uku umathera kuphompho, pansi pake pali nyanja. Oonera ambiri amati woyendetsa wotereyu ndi wolimba mtima modabwitsa, ena amati wangochita mwayi.

Kulimba mtima kumafunika ndithu, koma si kumene kumateretsa ndege. Kutera pa msewu waufupi ndi wopapatiza ndi luso lomwe munthu amaphunzitsidwa pang'onopang'ono, ndipo ntchito yaikulu imakhala itatha matayala asanakhudze pansi: kusunga liwiro loyenera, kusakhulupirira maso pomwe akunama, ndi kuvomera msanga kuti ulendo uno kutera sikutheka.

Poyambira

Pafupifupi aliyense amayambira pa ndege ya injini imodzi, ya mipando iwiri kapena inayi. Yotchuka kwambiri ndi Cessna 172, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo zapangidwa zoposa 44,000, kuposa ndege ya mtundu wina uliwonse. Mapiko ake ndi otalika mamita 11 kuchokera nsonga ina kufika inzake. Ili ndi ziwongolero ziwiri, cha wophunzira kumanzere, cha mphunzitsi kumanja, moti mphunzitsi akhoza kulanda ndege nthawi iliyonse.

Laisensi yoyamba imatchedwa PPL. Imalola munthu kuuluka yekha kapena kunyamula abale ndi anzake, koma osati kugwira ntchito yolipidwa. Bungwe la ICAO, lomwe limaika miyezo ya maulendo a pandege yomwe maiko amatsatira, limafuna kuti munthuyo akhale wa zaka zosachepera 17, apimidwe ndi dokotala wovomerezeka, ndipo akhale atauluka maola 40. Mwa maolawa, 10 amauluka yekha, ndipo umodzi mwa maulendowo umakhala wa makilomita osachepera 270, wotera pa mabwalo awiri osiyana. Ku South Africa, komwe achinyamata ambiri a m'chigawo chino amakaphunzira, amafuna maola 45, ndipo ophunzira ochuluka amapitirira pamenepo asanakonzeke kuyesedwa. Palinso mayeso a m'kalasi a zanyengo, malamulo, kuwerenga mapu, injini ndi kulankhula pa wailesi. Wofuna kulembedwa ntchito amapitiriza mpaka laisensi ya CPL, yomwe kawirikawiri imafuna maola 200.

Ntchito ya manja ndi ya mapazi

Phiko limanyamula ndege pokhapokha mpweya ukulidutsa mwaliwiro lokwanira komanso mosalala. Woyendetsa akakokera chiwongolero kwa iye, mphuno ya ndege imakwera, phiko limakumana ndi mpweya mopendekera, ndipo mphamvu yonyamula imakula. Koma kupendekerako kukapitirira madigiri pafupifupi 15 kapena 16, mpweya umaleka kutsatira phiko, umasokonekera, mphamvu ija n'kugwa mwadzidzidzi. Izi amazitcha stall. Injini imakhala ikulira bwinobwino. Chomwe chaleka kugwira ntchito ndi phiko. Wophunzira amatengeredwa kumwamba kwambiri n'kuchititsidwa stall mwadala mobwerezabwereza mpaka thupi lizolowere zizindikiro zake: chiwongolero chimafewa, ndege imanjenjemera, alamu imalira. Kuti apulumuke ayenera kukankhira mphuno pansi, zomwe mtima wa munthu sufuna kuchita ukaona nthaka ikuyandikira.

Chiwongolero chikapotozedwa kumanja kapena kumanzere chimapendeketsa mapiko. Mapazi amaponda zopondera ziwiri zoyendetsa rudder, chipsepse choimirira cha kumchira chomwe chimalozetsa mphuno kumanja kapena kumanzere. Ndege ikakhala pansi, mapazi omwewo ndiwo amakhotetsa tayala lakutsogolo ndi kugwira mabuleki. Odziwa galimoto amavutika nazo masiku oyamba, chifukwa ndege ikayamba kupatuka manja amathamangira kupotoza chiwongolero, pomwe ntchitoyo ndi ya mapazi.

Kumbuyo kwa mapiko kuli ma flap, zigawo zotsitsika zomwe zimalola ndege kuuluka mwapang'onopang'ono ndi kutsika motsetsereka osathamanga. Liwiro la ndege amaliyeza m'ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.85 pa ola. Mtundu wamakono wa Cessna 172S, ma flap atatsitsidwa onse, umachita stall geji ikamaonetsa ma knot 40.

Kuzungulira bwalo

Kutera kumalowa m'thupi pobwereza basi. Wophunzira amanyamuka, amakwera mpaka mafiti 1,000, omwe ndi mamita pafupifupi 300, amazungulira bwalo motsata njira ya ngodya zinayi, amatsika, matayala akangokhudza pansi amaonjezanso moto n'kunyamuka. Ola limodzi likhoza kutha akungochita zomwezo. Chovuta kwambiri ndi masekondi omalizira, pomwe ndege yafika mamita ochepa pamwamba pa msewu ndipo ayenera kuchepetsa moto n'kukokera mphuno m'mwamba pang'onopang'ono kuti matayala akumbuyo ayambe ndiwo kukhudza pansi. Kumeneku amakutcha flare. Akakoka msanga, ndege imagwa kuchokera pamwamba n'kudzimenyetsa. Akachedwa, imagunditsa tayala lakutsogolo. Palibe geji yomuuza nthawi yake. Amaidziwa ndi maso, poyang'ana kutali kumapeto kwa msewu ndi kuona m'mbali mwa diso momwe nthaka ikukwerera. Mphunzitsi akakhutira, tsiku lina amangotsika n'kumuuza kuti azungulire yekha.

Liwiro ndilo mwini nkhani

Ndege iliyonse ili ndi buku lake la manambala. Buku la Cessna 172S limati potera pa msewu waufupi woyendetsa atsitse ma flap onse n'kusunga ma knot 61, pafupifupi makilomita 113 pa ola. Akatero, kuchokera pamwamba pa mtengo wotalika mamita 15 kufika poima pamafunika mamita 407, ndipo 175 mwa amenewa ndi oyenda pansi akugwira mabuleki. Koma manambalawa ndi a msewu wa tala wouma, wosatsetsereka, wa pamalo otsika ngati pagombe la nyanja yamchere, kopanda mphepo, ndiponso woyendetsa wosaphonya kanthu. Chilichonse chosiyana ndi zimenezi chimasintha mtunda, ndipo kawirikawiri chimautalikitsa.

Tiyambe ndi liwiro. Mphamvu yomwe mabuleki ayenera kuthetsa imakula mofulumira kuposa liwirolo: mukaonjeza liwiro ndi maperesenti 10, mtunda woimira umakula ndi maperesenti pafupifupi 20. Ma knot 6 oonjezera pa geji amaoneka ngati kanthu kochepa, koma pa msewu wa mamita 500 ndi nkhani yaikulu. Palinso china. Ndege ikayandikira pansi kwambiri, nthaka imasintha kayendedwe ka mpweya kuzungulira mapiko, ndege n'kumangoyandama osafuna kukhala pansi. Yothamanga imayandama mtunda wautali, msewu ukutha pansi pake. Woyendetsa wa mantha amaikakamiza kuti ikhale, imayamba kugunda ndi tayala lakutsogolo, imadumpha, imabwereranso mwamphamvu, ndipo kudumpha kwachitatu kumatha kuthyola mwendo wakutsogolo kapena kugunditsa pulopela pansi.

Munthu angaganize kuti ndiye ndi bwino kubwera pang'onopang'ono kwambiri. Kumeneko ndi kumene kuli stall, ndipo stall ya pa mamita 20 sipereka mpata wokonza. Woyendetsa amakhala pakati pa ngozi ziwirizi, ndipo malo otetezeka ndi ma knot ochepa chabe. N'chifukwa chake aphunzitsi amakakamira nambala imodzi ija mpaka wophunzira atope nayo. Ine ndimaona kuti akulondola: pa zonse zomwe zili m'nkhani ino, palibe chopulumutsa anthu kuposa chizolowezi chimenechi.

Mphepo nayo imalowa m'masamu. Ndege imatera moyang'anana ndi mphepo chifukwa liwiro lake pa nthaka limachepa. Buku lija limati mphepo yakutsogolo ya ma knot 9 imachepetsa mtunda ndi maperesenti 10, koma yakumbuyo imaonjeza maperesenti 10 pa ma knot 2 alionse. Kamphepo ka ma knot 6 kakumbuyo, koti munthu woima pabwalo angati kuli bata, kamaonjeza maperesenti 30. Pa udzu wouma mabuleki sagwira bwino, ndipo mtunda woyenda pansi umakula ndi maperesenti 45: mamita 175 aja amakhala pafupifupi 254. Udzu wonyowa ndi matope zimaposa pamenepo.

Pa mayeso a ku America, wofuna PPL akamayesedwa kutera pa msewu waufupi amauzidwa malo oti matayala akhudze, ndipo ayenera kukhudza pamenepo kapena mkati mwa mamita 60 kupitirira, osati asanafikepo. Wa CPL amapatsidwa mamita 30.

Maso amanama

Vuto la msewu wopapatiza limayambira m'mutu. Ubongo wa woyendetsa umasunga chithunzi cha momwe msewu wozolowereka umaonekera akamatsika bwino. Yemwe waphunzirira pa bwalo lalikulu ngati la Kamuzu International Airport ku Lilongwe, lomwe msewu wake ndi wotalika kupitirira makilomita atatu ndipo ndi wa mamita 45 m'lifupi, amazolowera kuona chinthu chachikulu chikudzaza galasi lakutsogolo. Akapita pa msewu wa mamita 12 m'lifupi, msewuwo umaoneka waung'ono, ndipo ubongo umati chinthu chooneka chaching'ono chili kutali. Amadzimva ngati ali pamwamba kwambiri pomwe ali pabwinobwino. Ndiye amatsika kuti chithunzi chifanane ndi chomwe anazolowera, n'kufika pansi mopitirira muyeso, pomwe pali mitengo, mawaya ndi zulu. Akapulumuka zimenezo amachedwa kuchita flare, chifukwa akudikira kuti m'mbali mwa msewu mufutukuke monga mwa masiku onse, koma nthaka yafika kale.

Zimatembenukanso. Wozolowera msewu wopapatiza akapita pa waukulu amadzimva ngati wafika pansi msanga, amachita flare akadali pamwamba, ndege n'kugwa mwamphamvu. Msewu wokwera chitunda nawo umanamiza ngati wopapatiza: umachititsa munthu kudzimva wokwera kwambiri.

Mabwalo akuluakulu ali ndi magetsi anayi m'mbali mwa msewu otchedwa PAPI. Awiri akaoneka oyera, awiri ofiira, ndiye kuti ndege ikutsika bwino, pa madigiri pafupifupi 3. Ofiira akachuluka ndiye yatsikitsa. Mabwalo a kutchire alibe magetsi amenewa. Choteteza woyendetsa ndi kudziwiratu utali, ulifupi ndi kutsetsereka kwa msewu asananyamuke, kuyembekezera kuti maso amunamiza, ndi kuyerekeza zomwe akuona ndi geji ya kutalika pa malo odziwika. Amasankhanso kadontho kamodzi pa msewu n'kukayang'anitsitsa pa galasi: kakamakwera m'mwamba ndiye kuti agwera asanakafike, kakamatsika ndiye kuti akapitirira, kakangokula kali pamalo amodzi ndiye kuti akupita pomwepo.

Mphepo ya m'mbali

Matayala awiri akumbuyo a Cessna 172 ndi otalikirana mamita pafupifupi 2.5. Pa msewu wa mamita 10 m'lifupi, ndege ikakhala pakati penipeni, mbali iliyonse imatsala ndi mamita osakwana 4, ndipo nsonga za mapiko zimakhala kale kunja kwa msewu, pamwamba pa tchire. Mphepo ya m'mbali ya ma knot 10 imakankha ndege mamita 5 pa sekondi imodzi ngati palibe choiletsa. Pa msewu wa mamita 45 kuphonya kotere kumangochititsa manyazi. Pa wa mamita 10 tayala limakhala lalowa mu ngalande.

Njira yoyamba yolimbanira ndi mphepoyi amaidziwa aliyense wowolotsa bwato pa Shire: sulozetsa bwato pa doko lomwe ukufuna, umalozetsa kumtunda pang'ono kuti madzi akakusiye pa dokopo. Ndege nayo imatsika mphuno italoza kumphepo, ikuyenda chopingasa koma motsata mzere wa msewu. Koma singakhudze pansi ili chomwecho, chifukwa matayala angakokeredwe m'mbali. Pa mapeto woyendetsa amaponda rudder kuti mphuno ilunjike ndi msewu, nthawi yomweyo amatsitsa phiko la kumphepo kuti ndege isakankhidwe. Dzanja likupita kwina, phazi kwina. Tayala la kumphepo limayamba kukhudza pansi, linzake limatsatira, kenako lakutsogolo. Kwa wokwera zimaoneka ngati woyendetsa walephera, koma ndiko kutera kolondola.

Ntchito sithera pamenepo. Liwiro likamachepa, rudder imataya mphamvu, pomwe mphepo ikupitiriza kukankha mchira kuti mphuno itembenukire kumphepo. Ngozi zambiri za ndege zing'onozing'ono zimachitika ndege ili kale pansi, woyendetsa atapumira msanga. Cessna 172S inayesedwa ndi opanga ake pa mphepo ya m'mbali ya ma knot 15, ndipo masukulu amaikira ophunzira malire otsika kuposa pamenepo.

Kutentha ndi kukwera kwa malo

Kumalo okwera mpweya umakhala wopepuka, ndipo kutentha kumaupepukitsanso. Mpweya wopepuka umafooketsa zinthu zitatu nthawi imodzi: injini, pulopela ndi mapiko. Tione Lilongwe. Bwalo la Kamuzu lili pa mafiti pafupifupi 4,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Pa muyezo womwe mabuku a ndege amagwiritsa ntchito, kutentha kwa malo okwera chomwecho kumayenera kukhala madigiri 7. Masana a mu October kukafika madigiri 32, kusiyana kwake ndi madigiri 25, ndipo digiri iliyonse imaonjeza mafiti pafupifupi 120. Ndege imachita ngati ili pa mafiti 7,000. Injini wamba imataya maperesenti pafupifupi 3 a mphamvu zake pa mafiti 1,000 alionse, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu lapita ndege isanayambe n'kuyenda komwe.

Potera, geji imaonetsabe ma knot 61, koma liwiro lenileni pa nthaka limakhala lalikulu, choncho mtunda umatalika. Ponyamuka ndiye pali vuto lenileni. Ngakhale pa malo otsika ndi nyengo yabwino, 172S yodzaza imafuna mamita 497 kuti inyamuke n'kudutsa mtengo wa mamita 15, kuposa 407 a potera aja. N'zotheka kutera bwinobwino m'mawa pa bwalo lomwe masana sunganyamukepo. Aphunzitsi ambiri amapereka lamulo ili: ukafika pakati pa msewu usanapeze maperesenti 70 a liwiro lonyamukira, tseka moto, gwira mabuleki.

Kubwerera m'mwamba, ndi komwe kulibe pobwerera

Wophunzira amauzidwa kuyambira tsiku loyamba kuti kutera kulikonse kukhoza kusiyidwa. Liwiro likakhala lolakwika, ndege ikapatuka pa mzere, kapena gawo loyamba mwa magawo atatu a msewu likadutsa matayala asanakhudze, amaika moto wonse, amakwera, n'kukayambiranso. Izi amazitcha go-around. Kuchita kwake n'kosavuta; chovuta ndi kuvomera. Munthu watopa, okwera akuyang'ana, msewu uli pomwepo, ndipo mtima umati ndikonza. Mphunzitsi wabwino amayamikira wophunzira wobwerera m'mwamba kuposa wotera mokakamiza.

Lukla ndi yovuta chifukwa mwayi umenewu kulibe. Bwaloli linamangidwa mu 1964 motsogozedwa ndi Edmund Hillary, yemwe pamodzi ndi Tenzing Norgay anali oyamba kufika pa nsonga ya phiri la Everest, linaikidwa tala mu 2001, ndipo mu 2008 linapatsidwa dzina la Tenzing-Hillary. Lili pa mamita 2,845, pafupi kufanana ndi nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002. Msewu wake ndi wa mamita 527 ndipo umakwera chitunda ndi maperesenti pafupifupi 12. Ndege zimatera mokwera chitundacho kuti chizithandiza kuima, n'kunyamuka motsetsereka kulowera kuchigwa, mphepo iombere kulikonse. Ndege ikayandikira kwenikweni, mapiri akutsogolo salola kubwerera m'mwamba, choncho chiganizo chimapangidwa ikadali kutali. Akuluakulu a zandege ku Nepal salola aliyense kutera kumeneko: woyendetsa ayenera kukhala atachita maulendo 100 a pa misewu yaifupi, atagwira ntchito yotere ku Nepal kwa chaka, ndiponso atatera ku Lukla ka 10 ali ndi mphunzitsi.

Ngakhale zili choncho, ngozi zachitikako. Pa 8 October 2008 ndege ya Twin Otter ya Yeti Airlines inagunda poyambira msewu kuli chifunga, ndipo anthu 18 anafa. Pa 14 April 2019 ndege ya Summit Air inapatuka ikunyamuka n'kugunda helikopita, anthu atatu n'kufa. Yoyambayo ikukumbutsa kuti maluso onse takambawa amadalira kuona. Woyendetsa wa PPL wamba saloledwa kulowa m'mitambo, chifukwa nthaka ikabisika thupi limalephera kusiyanitsa kukwera, kutsika ndi kukhota. Kuopsa kwa nyengo yoipa m'mapiri si kwachilendo kwa Amalawi: pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, ikupita ku Mzuzu, inagwa ku Chikangawa kunja kuli koipa, ndipo wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8 anafa.

Mabwalo a kutchire ndi okhala pafupi nawo

Misewu yotere si ya ku Nepal kokha. Ku Lesotho, ndege za bungwe lachikhristu la Mission Aviation Fellowship zimanyamula madokotala ndi odwala pakati pa Maseru ndi zipatala za kumapiri komwe galimoto imavutika kufika. Ku Chelinda pa phiri la Nyika, ku Likoma, ndi m'malo osungira nyama a ku Zambia, ndege zing'onozing'ono ndi njira yachidule yofikira. Woyendetsa akafika pa bwalo lopanda woyang'anira, nthawi zambiri amayamba walidutsa chapansipansi osatera. Akuyang'ana thumba la nsalu losonyeza mphepo, madzi odikha, maenje, zulu zatsopano, ziweto, nyama zakutchire ndi anthu.

Zambiri zomwe zimakwiyitsa okwera zimachokera m'masamu aja. Kupimidwa pa sikelo pamodzi ndi katundu, kuuzidwa kusiya chikwama, kusinthidwa mpando, kunyamuka m'bandakucha, kapena kubwerera bwalo likuoneka pansipo, zonsezi ndi woyendetsa akuwerengera kulemera, kutentha, mphepo ndi mamita omwe ali nawo. Cessna 172S siyenera kunyamuka ikupitirira makilogalamu 1,157, ndipo pa bwalo lalifupi kukutentha malire enieni amakhala otsika kuposa pamenepo.

Okhala pafupi ndi mabwalowa ali ndi gawo lawo. Njira yachidule yodutsa pa msewu wa ndege imakumba kangalande komwe nthawi ya mvula kamatha kugwira tayala. Udzu wosatchetcha umatalikitsa mtunda wonyamukira ndipo umabisa maenje. Mitengo yomwe yakula kumapeto kwa msewu imakakamiza ndege kutsika mochedwa, n'kudya mamita omwe inkadalira. Ndege ikamatera mphuno ili m'mwamba, woyendetsa saona bwino zomwe zili patsogolo pake penipeni, ndipo injini imakhala itachepetsedwa moto moti mwana woweta mbuzi sangaimve msanga. Ndege ikaima, munthu asaiyandikire mpaka pulopela itasiyiratu kuzungulira ndipo woyendetsa wakodola, chifukwa pulopela yozungulira sioneka ndi maso.